Mlatho wa Mahatchi

Matayala a chikuku anakakamira pakati pa miyala ya m'mbali mwa mlatho. Lusubilo anakankhanso ndi mphamvu zake zonse, koma osasuntha.

"Kankha, mwana iwe! Maureen akundidikira," anakalipa Bambo Pickering atakhala m'chikukumo, maluwa ali m'manja mwawo.

Lusubilo ankawasamalira kunyumba ya okalamba, m'mudzi wina kunja kwa mzinda wa Leicester. Mkuluyo anali ataiwala zambiri, koma tsiku limene mkazi wake Maureen anamwalira sankaliiwala, ndipo tsikulo linali litakwananso. Manda ake anali patchalitchi, kutsidya kwa kamtsinjeko. Msewu waukulu anali atautseka, ndiye Lusubilo anadzera kanjira aka, abwana ake osadziwa n'komwe kuti watuluka nawo.

"Pepani bambo, sitidutsa. Mlathowu anaumangira mahatchi onyamula katundu kalekale. Wachepa."

"Nanga osaukulitsa bwanji? Ndi chitsiru chiti chinakaniza?"

Lusubilo anakokera chikuku m'mbuyo movutikira. Apa m'pamene anaona kachikwangwani kachitsulo pamwala. Kankanena kuti mu 1987 akuluakulu ankafuna kugumula mlathowu n'kumanga waukulu, koma anthu a m'mudzimo anakana kwamtuwagalu. Wowatsogolera anali Harold Pickering, mkulu yemwe anali m'chikukuyu.

"Alembapo chiyani pamenepo?" anafunsa mkuluyo.

Lusubilo anaima kutsogolo kwa kachikwangwaniko n'kukatchinga ndi msana.

"Alemba za amene anakanizayo, bambo. Koma dzina lake linafufutika."

Bambo Pickering anayang'ana kutsidya, misozi ikutsika m'masaya.

"Mwayi wake," anatero. "Ndikanamudziwa, ndikanamuponya mumtsinjemu."