Nangula wa Kaputeni Jere

Nsalu itangochotsedwa pachiliza, Feston anaona kuti nangula wa sitima wagobedwa mozondoka.

Asilikali apamadzi anayi, ovala zoyera mbee, anali atayamba kale kuchitira sawatcha. Khansa inawatenga Kaputeni Jere chaka chatha, ndipo Feston, mnzawo wa paubwana, ndiye anadzipereka kuyang'anira za chiliza.

Anakokera pambali mmisiri wa ku Manyamula amene anagoba mwalawo. "Ada, mwachita chiyani apa?"

"Yewo, bwana. Pachithunzi munandipatsa paja ambulera inali yozondoka, mbwenu ndaikonza. Yaoneka bwino chomene."

Mayi wamasiye, aNyaMoyo, anasendera pafupi. Anayang'anitsitsa mwalawo, kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka. Feston anagwada pafumbi, thukuta lili kamukamu.

"Pepani alamu, mawa lomwe tiphwanya, tiika wina."

Atakweza maso, anapeza kuti mayiwo akuseka, misozi ili chuchuchu.

"Musakhudze, alamu. Zaka makumi awiri akulamula sitima pamadzi, koma kamvula kakangowaza popita kutchalitchi ku Embangweni, ankandilanda ambulera yanga, ine n'kumanyowa. Asiyeni akhale ndi yawoyawo."