Mtsikana Amene Anadula Michira ya Zithunzi

Panali munthu wina, mtsikana wopanga mawebusayiti, amene anzake kuntchito ankamutcha Nachangu chifukwa ntchito ya sabata yathunthu ankaimaliza Lachitatu. Akuti izi zinachitikadi.

Mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake, anali kalipentala. Anamupempha kuti amupangire webusayiti yoti anthu aziona mabedi ndi matebulo ake pafoni. Nachangu anaimanga masiku awiri okha, koma zithunzi zinali zolemera, tsamba linkatseguka ngati likukokedwa ndi nkhono.

Anatsegula buku la malangizo la pulogalamu imene ankamangira. Bukulo linati zithunzi zikhoza kusungidwa pa seva, kompyuta ina yapadera yosungira zinthu pa intaneti, kuti tsamba lipepuke. Chofunika n'kungolemba adiresi ya sevayo pamzere umodzi. Pagulu lina la pa intaneti, bambo wina wosamudziwa anali atalengeza kuti ali ndi seva yotere, ndipo aliyense akhoza kuikapo zithunzi mwaulere. Nachangu anakopera adiresi, tsamba linayamba kuuluka.

Chinthu chimodzi chokha chinamunyansa. Pulogalamuyo inkamata chimchira cha manambala ndi zilembo pa dzina la chithunzi chilichonse, moti dzina losavuta ngati chithunzi1 linkatalika osawerengeka. Iye ankakonda zinthu zaudongo. Anafufuza pozimitsira, n'kudula michira yonse.

Mayi wina wachikulire wa desiki yoyandikana, amene onse ankangomuti Anti, anamufunsa ngati wawerenga ndime ya m'buku lija imene ili pansi pa malangizo a adiresi aja. Nachangu anati ndimeyo ndi yaitali, ndipo zinthu zikuyenda kale.

"Mwanawe," anatero Anti, "mchira umene sukudziwa ntchito yake usamaudule. Ng'ombe imaukumbuka ntchentche zikafika."

Patatha milungu itatu, Lolemba m'mawa, mlamu uja anatulukira pa ofesi, utuchi uli m'tsitsi.

"Mlamu, ndinakulakwira chiyani? Kapena mkulu wako wakutuma kuti undiike m'manda ndili moyo?"

Nkhani inali yakuti mayi wina woyang'anira nyumba yogona ana asukulu ankafuna mabedi makumi anayi, ndipo kalipentalayo anamutumizira tsamba lija monyadira. Mayiyo atatsegula, pamwamba pa mawu akuti "Bedi lolimba, mudzagonapo mpaka kalekale" anapeza bokosi la maliro lonyezimira. Pa "Tebulo la banja lonse" panali nkhata za maluwa. Anamuimbira n'kumuuza kuti ana a eni sawachitira nthabwala zotero, ndipo pofika masana akhala atapeza kalipentala wina.

Nachangu anatsegula tsambalo pa kompyuta yake. Mabedi ali bwinobwino. Anatenga foni ya mlamu wake: mabokosi. Mantha anali nawo, koma chidwi chinaposa. Adiresi imodzi ingaonetse bwanji zinthu ziwiri?

Anti anakoka mpando. Anamufotokozera kuti kompyuta yake inasunga zithunzi zakale, n'chifukwa chake inkamunamiza kuti zonse zili bwino. Kenako anawerenga limodzi ndime inadumphidwa ija. Inati mchira uja umachokera pa zimene zili m'chithunzicho, kotero zithunzi ziwiri zosiyana sizingakhale ndi dzina limodzi. Popanda mchira, ngati anthu akusungira malo amodzi, chithunzi chofika pambuyo chimafafaniza chimene chachipeza.

Nachangu analembera mwini seva uja mawu otentha, kumufunsa amene analowetsa mabokosi m'malo mwa mabedi. Yankho linabwera mofatsa. Bamboyo anati anthu onse amasungira mu foda imodzi, ndipo analemba zimenezo pansi pa chilengezo chake. Kenako anawonjezera kuti:

"Ndiye ndinu a mabedi aja? Takhala tikukufunani. Bambo wina wogulitsa mabokosi anali ndi chithunzi1 chake inu musanabwere. Kwa milungu itatu, anamfedwa akatsegula tsamba lake, pa 'Mpumulo wabwino kwa wokondedwa wanu' ankapezapo bedi la anthu awiri, mapilo ali pomwepo. Dzulo wangobwezeretsa zake."

Nachangu anafufuta mawu ena amene anali atayamba kulemba, n'kupempha nambala ya wa mabokosi uja kuti apepese.

Anabwezera michira, anasamutsira zithunzi pa seva yodziwika bwino, ndipo nthawi ya nkhomaliro isanakwane tsamba linali litachira. Koma mlamu sanadikire. Anakweza bedi limodzi pa ngolo, n'kukaliika pakhomo pa mayi uja kuti alikhudze ndi manja. Mayiyo analigwedeza, analikhalira, anaseka mpaka kupukuta misozi. Anaitanitsa mabedi khumi ndi asanu okha. Ena onse anali atapereka kale kwa kalipentala wina.

Kunena chilungamo, Nachangu sanali waulesi, ankangofuna kuthandiza m'bale wake msanga. Mwini seva sanali wakuba, ngakhale kuti kuunjika katundu wa anthu m'chipinda chimodzi si nzeru. Nawo olemba bukulo anabisa chenjezo lalikulu m'ndime yooneka ngati yosafunika. Koma amene anataya ntchito ndi kalipentala, yemwe sanakhudze n'komwe kompyuta.

Mpaka lero, akakumana pa zochitika za pabanja, mlamu amamupatsa moni ngati wokumba manda kuti, "Muli bwanji a adzukulu?" Nachangu amangoyankha kuti ali bwino, michira ili m'malo.

Phunziro: Musanadule chinthu chifukwa chakunyansani m'maso, funsani kaye ntchito yake, ndipo malangizo muziwawerenga mpaka pansi. Musanaloze chala amene wakupondani, onani ngati simunayambe ndinu kuponda. Tumizirani mnzanu uja amene amati, "Bola zikuyenda."