Kamuvi Kosanjenjemera

Kasitomala anali ataima kumbuyo kwa mpando, chikwama chili m'khwapa, akuonerera khadi la ukwati wa mng'ono wake likukonzedwa pa kompyuta. Kamuvi ka pasikirini kananyamula dzina la mkwati n'kulikhazika pakati penipeni. Kanakoka maluwa n'kuwatsitsa pang'ono kuti asaphimbe tsiku la ukwati. Sikanaphonye ngakhale kamodzi.

"Dzanja limeneli, mayi, lakwatitsa anthu ambiri," anatero bambo, mwini wake wa shopu, akuyendetsa mausi patebulo.

Mayiyo anaseka, n'kunena kuti anamva mphekesera zoti mdala wa makhadi watha, manja ayamba kunjenjemera. Bambo anayankha kuti onena zimenezo abwere adzaone okha, kuonerera n'kwaulere.

Kukauntala, mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankangomutcha Mzime, anaweramira foni yake. Sanafune kuti maso ake akumane ndi a munthu.

Mphekeserazo sizinali zabodza. Pamene Mzime ankabwera kuchokera ku yunivesite ndi digiri yopanda ntchito, anapeza bambo ake akulimbana ndi mausi ngati akugwira nsomba yamoyo. Akafuna kudina apa, ankadina apo. Tsiku lina dzina la malemu linakalowa pakhadi la chinkhoswe, ndipo anthu a kubanjako sanabwerenso. Makasitomala ena ankaima kumbuyo kwa mpando mwaulemu, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti aiwala kanthu kunyumba.

Ndiye Mzime anaika pulogalamu ya AI mu kompyutamo, osawauza bambo ake. Pulogalamuyo inkaona sikirini, n'kumayendetsa kamuvi ndi kulemba ngati pali munthu wogwira mausi ndi kiyibodi. Iye ankangomvetsera zofuna za kasitomala, n'kuzilemba pafoni: mayina awa pakati, maluwa ofiira, zilembo zikuluzikulu. Kwa bambo ananena kuti foniyo imangotumiza mayina okha kuti asavutike kutayipa. Zina zonse, anawasiya akhulupirire kuti ndi dzanja lawo.

Ndipo anakhulupirira mpaka kupitirira muyeso. Anayambanso kuvala tayi. Anayamba kuimba mluzu potsegula shopu. Mlongo wawo atabwera kudzawaona, anamukhazika pambali kuti aone yekha kuti mapemphero ake sanapite pachabe, ndipo azakhaliwo anapukuta misozi ndi kona ya mpango. Mzime anathawira kumbuyo kukasanja mapepala amene anali osanjidwa kale.

Tsopano bodzalo linali litafika pothera. Mzime anali atapeza ntchito mumzinda wina, yoyamba sabata yamawa. Atawauza, bambo anamuuza kuti apite ndi mtima umodzi, shopu aitha okha, dzanja linabwerera. Iye anaona m'maganizo mwake zimene zidzachitike: kasitomala kumbuyo kwa mpando, bambo ndi tayi yawo, kamuvi kakuvina pasikirini popanda wokauza kopita. Akapanda kunena, adzachita manyazi pamaso pa anthu. Akanena, adzachita manyazi pamaso pa mwana wawo. Anayesa kangapo kuyamba nkhaniyo, koma nthawi zonse inkathera pa inki ya pulinta.

Mayi wa khadi atatuluka, m'shopu munangotsala phokoso la fani. Bambo anatsamira mpando, manja onse awiri atawapanikiza pakati pa mawondo, monga ankachitira pakakhala palibe mlendo.

"Wamuona mmene anatsegulira kukamwa?" anafunsa. "Mawa abweretsa mpingo wonse."

Mzime anakoka kampando n'kukhala pafupi nawo. Anayamba ndi mawu amene anakonza m'bafa m'mawa, koma anasokonekera pa chiganizo chachiwiri. Anakamba za mmene zinthu zasinthira masiku ano. Anakamba za makompyuta a m'maofesi akuluakulu. Bambo ankangomuyang'ana, nsidze zili m'mwamba, ngati akudikira kuti apemphe ya thiransipoti.

"Bambo, makhadi aja si inu mumawapanga," anatero pomaliza, maso ali pansi. "Muli pulogalamu mu kompyutamu. Ndinaika ine. Ndi imene imayendetsa kamuvi. Ndinakunamizani, ndipo ndinakusiyani mukudzitama pamaso pa anthu."

Panja panadutsa galimoto, mawindo n'kunjenjemera pang'ono. Mzime anadikira kukalipiridwa, kapena choipa kuposa pamenepo, kuwaona akumasula tayi mwakachetechete. Posowa poika manja, anatola mausi yopanda waya ija patebulo n'kuyamba kuitembenuzatembenuza.

Inali yopepuka modabwitsa. Kunsi kwake kunalibe kuwala. Anatsegula kachivundikiro ndi chikhadabo, n'kupeza malo a batire ali pululu, fumbi litayamba kale kukhalamo.

"Ndinaichotsa sabata yoyamba yomwe ija," anatero bambo. "Ndinkamusokoneza mnzako wa mu kompyutayo pa ntchito yake. Koma iwe unkaoneka wonyadira kuti wandipusitsa, ndiye ndinati mwana asachite manyazi." Anasendeza mpando wawo kufupi ndi foni yake. "Tsopano ndionetse pomuuzira zochita usanapite. Ndipo azakhali ako asamve."