Chipinda Chachitatu

Tsiku losamukira ku Area 25, Tusekele anagawa zipinda katundu asanalowe m'nyumba. Anyamata awiri amene mwamuna wake Laws anabwera nawo m'banjamo anawapatsa chakumsewu. Fiona, mwana amene Tusekele anabereka ku banja lake loyamba, anamupatsa chapakati.

"Chachitatuchi ndiikamo makina anga osokera," anatero.

Laws anatula matiresi pansi, osamuyang'ana.

"Chimenecho n'cha Mwayiwathu, amayi a Fiona."

"Mwayiwathu ndaninso?"

"Mwana wanga wamkazi. Amayi ake abwera naye Loweruka kuchokera ku Kawale."

"Wazaka zingati?"

"Zitatu."

Tusekele anangokhalira katoni ya mbale, ana onse akumuyang'ana pakhomo, mapilo ali m'manja. Ukwati wake ndi Laws unali wa zaka zisanu.