Bondo la Chiyamiko

Mayi Magdalene anali kusita yunifomu ya kuntchito pamene foni inalira. Anali kochi wa mwana wawo Chiyamiko, akuimba kuchokera ku Indianapolis: mtsikanayo wagwa m'bwalo, bondo lawonongeka, ndipo madokotala akuti basiketibolo sadzaseweranso.

Anazimitsa ayironi n'kukhala pansi. Chiyambire Chiyamiko ali kusekondale ku South Bend, m'mawa uliwonse iwo ankapempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti amuchotsere mpira m'manja aphunzire unamwino. Ngakhale mpirawo utamulowetsa kukoleji mwaulere, pempherolo silinasinthe.

Kuchipatala anapeza atsikana a timu atazungulira bedi. Wina anawalandira chikwama, wina anawasiyira mpando.

"Mayi anga aja ndi awa," Chiyamiko anauza anzake m'Chingerezi, maso ali ofiira. "Kumasewero sabwera, koma tsiku silidutsa osandipempherera." Kenako anayesa Chichewa chake chokhotakhota: "Mami, pempherani mmene mumapempherera muja. Inu Mulungu amakuyankhani."

Onse anagwirana manja n'kutsinzina, kudikira. Mayi Magdalene anayang'ana bondo lomangidwalo nthawi yaitali.

"Mwana wanga," anatero mokweza, "undikhululukire."