Batani la Apongozi

Kambani anali kutsuka zidebe pakhonde pamene mkazi wake, Nangondo, anatuluka m'nyumba manja ali m'chiuno.

"Bambo a Tadala, amayi adina 'Ndinyamuka'."

Masiku amenewo mlendo aliyense ankadina yekha pa kompyuta ya pakhomo Loweruka lililonse, kuti ogawa madzi adziwe kotumiza gawo lake. Mabatani anali awiri, "Nditsala" ndi "Ndinyamuka", ndipo lamulo linkati akhale ofanana kukula, kuopa kupirikitsa mlendo mochenjera. Koma Kambani, wokonza mapulogalamu m'mudzimo, anali atatopa ndi nyimbo za m'mamawa za apongozi ake, amene anabwera kudzacheza. Ankachepetsako "Nditsala" pang'onopang'ono mpaka linasanduka njere ya mpiru, linzakelo n'kufufuma ngati dzungu.

"Mwina dzanja lawaterereka," anatero akuyang'ana m'chidebe.

"Kuterereka? Anaona kalekale! Akhala akukasaka kabatani kanuko ndi mausi, magalasi ali pamphuno, ngati akulowetsa ulusi pasingano. Lero akuti, 'Mkamwini wanga ndi waulemu, sanganene pakamwa. Ndisamuvutitse, pochepetsa patha.' Ine ndi Tadala tinyamuka nawo. Inu mutsale ndi dzungu lanulo."

Kambani anapukuta manja kubuluku. Popeza mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, anakagwada kuseri kwa chitseko.

"Amayi, batani la 'Nditsala' ndilikulitsa lidzaze galasi lonse la kompyuta."

"Ayi bambo, angakumangeni," anayankha apongozi akumanga katundu. "Ine ndimangofuna lofanana ndi linzake."

Kambani anaomba m'manja mwaulemu, mutu uli pansi.

"Si kompyuta ayi, amayi, ndi ine. Ndikhululukireni."