Tsiku Lobadwa la Mudzi Wonse

Dzina lawo litafiira pa kompyuta ya banki yathu ku Parepare, ndinachotsa dzanja pa ndalama.

"Bambo Saharuddin, dzina lanu ndi lokhali?"

"Lomweli, mwanawe. Lachiwiri ndikanalitenga kuti?"

Dzina lomwelo linali pa mndandanda wa boma wa anthu otumizira zigawenga ndalama. Tsiku lobadwa nalonso linafanana: 31 Disembala.

"Munabadwadi tsiku limeneli?"

Anaseka. "Ndinabadwa anthu akukolola mpunga, basi. Wolemba zitupa anatipatsa tsiku limeneli mudzi wonse kuti aweruke msanga."

Akazi awo anali pa benchi, mimba itatupa, atafumbata kalata ya kuchipatala. Ndalamazo zinali za opaleshoni, zochokera kwa mwana wawo wotsuka mbale ku Malaysia.

"Pepani bambo, lamulo likuti ndizitsekere kaye mpaka akulikulu afufuze."

"Mpaka liti?"

"Mwina miyezi itatu."

Anawayang'ana akazi awo nthawi yaitali. Kenako anandikankhira chitupa chawo kunsi kwa galasi.

"Mwanawe, cholembera uli nacho. Ndilembere tsiku lina. Lililonse."

Ndinadina batani loitana wotsatira.